Kumanga nyumba mu kompyuta isanamangidwe pansi: akatswiri a simyuleshoni ya mphamvu amatani mu labu?

Nyumba ikadali pa pepala, maziko asanakumbidwe, njerwa isanayalidwe ndi imodzi yomwe, pali munthu amene amatha kukuuzani kuti chipinda cha kumadzulo chija chizidzatentha bwanji cham'ma 3 koloko masana mwezi wa Okutobala, eyakoni yake izidzadya mayunitsi angati pa chaka, komanso kuti mukasintha denga kapena kuchepetsa magalasi zinthu zisintha motani. Ntchito ya munthu ameneyu ndi simyuleshoni ya mphamvu za m'nyumba, kutanthauza kuyesezera pa kompyuta mmene nyumba izidzatenthera ndi kudya mphamvu. Ena amagwira m'makampani a mainjiniya, ena ali m'malabu a kafukufuku ku mayunivesite, ndipo ine ndikufuna ndifotokoze za a ku yunivesitewa chifukwa ndi amene anthu sawamvetsa, amangoona munthu wakhala pa kompyuta tsiku lonse nkumati ndiye kuti amajambula mapulani. Sajambula mapulani ayi. Amatenga pulani ya wina nkuifunsa mafunso oti pulaniyo payokha singayankhe.

Bungwe la International Energy Agency limati nyumba zonse pamodzi, zokhalamo, maofesi, masukulu, zipatala, zimadya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu zimene anthu amagwiritsa ntchito padziko lapansi. Ndipo nyumba ukaimanga molakwika ikhala choncho zaka 50 kapena kuposa, anthu akupsa m'katimo kapena akulipira bilu ya magetsi yopanda pake. Kulakwitsa mu kompyuta kumangokudyera maola, kulakwitsa ndi simenti kumadya ndalama za anthu amene sanabadwe nkomwe.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kati mwa pulogalamu ya pa kompyuta imene amagwiritsa ntchito, poti ndi masamu a kulowa ndi kutuluka basi. Kutentha kukalowa m'chipinda kumayenera kupita kwinakwake, kaya kutulukanso panja, kaya kubisala m'makoma ndi pansi, kaya kutenthetsa mpweya umene mukupumawo, palibe kumene kumangosowa. Ndiye pulogalamu imagawa nyumba m'mazoni, chipinda chimodzi kapena zipinda zingapo zofanana zimakhala zoni imodzi, kenako pa khoma lililonse, zenera lililonse, denga ndi pansi pomwe imawerengera kuti kunja kwalandira kutentha kochuluka bwanji, kwadutsa kochuluka bwanji, ndipo kwatulukira m'kati nthawi yanji. Imatero pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala, maola 8,760 onse, ndipo zotsatira za mphindi zino ndi zimene zimakhala poyambira pa mphindi zikubwerazo.

Kuti muone zimene ikuwerengerazo tengani kalasi ya mamita 7 ndi 9, ana 60 m'katimo. Munthu wamkulu atangokhala phee thupi lake limatulutsa kutentha kwa pafupifupi mawati 100, mwana tinene 80, ndiye ana 60 aja ndi mawati 4,800, ngati mwayatsa mahotipuleti 5 m'kalasimo nkuwasiya osazimitsa. Pamwamba pali malata. Masana kukakhala kulibe mitambo dzuwa limathira pafupifupi mawati 1,000 pa sikweya mita iliyonse, denga lathu ndi masikweya mita 63, werengani nokha. Sikuti konseko kumalowa, lata loyera limabweza gawo lalikulu pomwe lakuda kapena ladzimbiri limamwa mwina magawo 7 kapena 8 pa 10, ndipo mphepo imachotsako kwina pamwambapo, koma lata ndi lopyapyala komanso chitsulo sichikana kutentha, ndiye pamwamba pakafika madigiri 60 kunsi kwake kumakhalanso komweko nkumaotcha ana pamutu ndi cheza chake. Nchifukwa chake mpweya wa m'kalasi utha kukhala pa 31 koma mwana akumva ngati 35, ndipo modelo yabwino, kutanthauza nyumba yoyesezera ya mu kompyutayo, imawerengera zonse ziwiri, mpweya ndi cheza cha makoma ndi denga.

Mwina mukuti si tingotsegula mazenera. Eya, koma mpweya sunyamula kutentha kwambiri. Kiyubiki mita imodzi imangofuna majuli (muyezo wa mphamvu) pafupifupi 1,200 kuti ikwere ndi digiri imodzi. Kuti muchotse kutentha kwa ana okha aja m'kati nkumangoposa kunja ndi madigiri 2, pafunika makiyubiki mita 2 a mpweya pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti ngati denga lili mamita 3 mpweya wonse wa m'kalasimo usinthidwe pafupifupi ka 38 pa ola. Nambalayi imatsikako chifukwa gawo lina la kutentha kwa thupi limachoka ngati thukuta, komabe ndi yaikulu, ndipo dengalo sitinaliwerengere. Mazenera a mbali imodzi yokha sangakwanitse pa tsiku lopanda mphepo.

Chimene dzanja ndi kakyuleta sizingathe nkutsata nthawi. Khoma lochindikala la njerwa kapena la dothi limamwa kutentha masana nkudzakutulutsa patapita maola angapo. Kumene usiku kumazizira, ngati ku Dedza kapena ku Mzimba, zimenezi ndi zabwino kwambiri chifukwa khomalo limazizira usiku nkuyamba tsiku lina lili lokonzeka kumwanso. Eastgate Centre, nyumba ya maofesi ndi masitolo ya ku Harare, yomwe anaipanga Mick Pearce nkutsegulidwa mu 1996, imagwira ntchito motero, mafani amakoka mpweya wozizira wa usiku kudutsa m'konkire, masana konkireyo nkumaziziritsa maofesi, ndipo zimatheka chifukwa Harare ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 ndipo usiku wake ndi wozizira. Mutenge nzeru yomweyo mukaike ku Nsanje mu Novembala, komwe usiku kumakhalabe kotentha, khoma lija lizikubwezerani moto nthawi imene mukufuna kugona. Chinthu chimodzi chomwecho, kwina mankhwala kwina chilango, ndipo chosiyanitsa ndi nyengo ya pamalopo ola ndi ola.

Mapulogalamu ake si atsopano. Ambiri anabadwa m'zaka za m'ma 1970, mitengo ya mafuta itakwera mu 1973 maboma nkuyamba kudandaula za mphamvu. TRNSYS inachokera ku labu ya mphamvu ya dzuwa ya University of Wisconsin-Madison mu 1975. ESP-r inayambika ku University of Strathclyde ku Glasgow ndi ntchito ya Joe Clarke. Ku America kunali DOE-2 ya ku Lawrence Berkeley National Laboratory ndi BLAST imene inapangidwira asilikali, ndipo zabwino za ziwirizi anaziphatikiza nkupanga EnergyPlus yomwe inatuluka mu 2001. Poyamba inalembedwa mu Fortran, mu 2014 anaisamutsira ku C++, ndipo mpaka pano ndi yaulere, aliyense atha kuitsitsa pa intaneti ngakhale kuwerenga khodi yake. Mapulogalamu ena amene anthu amawadziwa monga DesignBuilder, OpenStudio ndi Honeybee amangokuthandiza kujambula ndi kulowetsa zinthu mosavuta, kuseri kwake ikugwira ntchito ndi EnergyPlus yomweyo.

Ndiye nkhani imene ndikufuna muimvetse ndi iyi. Masamu a mapulogalamuwa ayesedwa kwa zaka zambiri, kulinso muyezo wa ASHRAE Standard 140, wa bungwe la ku America la mainjiniya a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba, umene amapatsa mapulogalamu osiyanasiyana nyumba imodzimodzi yosavuta nkuona ngati mayankho akugwirizana. Vuto silikhala kwenikweni pa kuwerengera. Limakhala pa zimene munthu walowetsamo, chifukwa modelo ya nyumba imodzi imafuna manambala mahandiredi, mwina masauzande, ndipo ochepa okha ndi amene munthu wawayezadi. Otsalawo watenga m'buku, wasiya amene pulogalamu inabwera nawo, kapena wangoganiza. Kompyuta siisiyanitsa, nambala yoyezedwa ndi nambala yopeka imazilandira mofanana nkukupatsa yankho lokhala ndi madesimo awiri kumapeto looneka ngati loona zedi. Ukatswiri wonse wa ntchitoyi uli pa kudziwa kuti manambala ako opeka ndi ati, ndipo mwa amenewo ndi ati amene atha kugwetsa yankho.

Choyamba ndi fayilo ya nyengo. Imakhala ndi mizere 8,760, mzere uliwonse ola limodzi, muli kutentha kwa mpweya, chinyezi, liwiro la mphepo ndi kumene ikuchokera, komanso mphamvu ya dzuwa. Nthawi zambiri si chaka chenicheni chimene chinachitikapo, amatenga zaka zambiri nkusankha Januwale amene ali wapakatikati pa ma Januwale onse, Febuluwale wapakatikati, mpaka Disembala, nkuzisoka pamodzi. Kwa munthu wofuna kudziwa bilu ya chaka chabwinobwino ndi zothandiza, koma taonani chimene chatayikapo: sabata yotentha modetsa nkhawa ija, imene imakomola ana m'kalasi ndi kuvutitsa odwala mu wodi, yachotsedwa dala chifukwa si yapakatikati. Ku Britain bungwe la mainjiniya la CIBSE linachita kupanga mafayilo apadera a chilimwe chotentha pofuna kuyezera nkhani imeneyi.

Komanso masiteshoni a zanyengo ambiri ali ku mabwalo a ndege. Fayilo yolembedwa kuti Blantyre kawirikawiri imakhala ya ku Chileka, ndipo Chileka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 pomwe tauni ya Blantyre ili pamwamba pa 1,000, Limbe kuposa apo. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse ukamakwera, ndiye musanayambe nkomwe pali kale kusiyana kwa digiri ndi theka kapena awiri, osawerengera chifunga cha chiperoni chimene chimakuta kumtundaku. Kumene kulibe siteshoni anthu amagwiritsa ntchito deta ya ERA5 ya ku ECMWF, likulu la zanyengo la ku Ulaya, imene imaphatikiza masetilaiti ndi mamodelo a zanyengo, koma imaona dziko m'mabokosi a makilomita pafupifupi 30, phiri ndi chigwa zitha kugwera m'bokosi limodzi. Ndipo nyumba imene mukumanga lero idzakhala ili chilili mu 2070, nyengo itasintha. M'malabu muli anthu amene ntchito yawo yonse nkupanga mafayilo a m'tsogolo, ambiri amatsatira njira imene Belcher, Hacker ndi Powell anafalitsa mu 2005 yotenga fayilo ya lero nkuikoka molingana ndi zimene mamodelo a kusintha kwa nyengo akunena.

Chachiwiri ndi mpweya wolowera m'ming'alu, pansi pa chitseko, m'mbali mwa mafelemu a mazenera, pakati pa khoma ndi malata. Pa pulani sizioneka. Njira yoyezera ilipo, amamangirira fani yaikulu pa chitseko nkupopa mpaka kusiyana kwa mphamvu ya mpweya m'kati ndi kunja kufike mapasiko 50 (muyezo wa kukankha kwa mpweya), nkuona kuti ukuthawa wochuluka bwanji, koma imafuna nyumba yomangidwa kale. Isanamangidwe umangoganiza kuti amisiri adzagwira ntchito yotani. Palinso nthaka. EnergyPlus ukapanda kuiuza kutentha kwa nthaka ya pansi pa nyumba imangoika madigiri 18 chaka chonse nkukuchenjeza m'fayilo ya zolakwika, ndipo munthu wosawerenga fayilo imeneyo amapeza kuti nyumba yake ya ku Chikwawa ikuzizira bwinobwino, chifukwa modelo yaiikira pansi pozizira pomwe kulibe. Fayilo ya zolakwikayo ndiyo yoyamba kutsegula simyuleshoni ikatha, magilafu okongolawo pambuyo.

Ngakhale dzuwa lenilenilo limasokoneza anthu ophunzira ndi mabuku a ku Ulaya ndi America, amene amati zenera labwino liyang'ane kumwera. Kwathu kuno mu Juni ndi Julayi dzuwa limakhala kumpoto, ku Lilongwe limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera kumwera. Ndiye nthawi yotentha kwambiri mdani wamkulu ndi denga masana ndi khoma la kumadzulo dzuwa likapendeka. Pulogalamu imadziwa zonsezi bola fayilo ya nyengo ikhale ya malo oyenera komanso kumpoto kwa modelo kukhaledi kumpoto.

Koma chovuta kuposa zonse ndi anthu. Mu modelo munthu amakhala ndandanda chabe, amalowa 8 koloko, amatuluka 5 koloko, akamachoka amazimitsa magetsi. Munthu weniweni amatsegula zenera eyakoni ikulira, amabwera ndi kahita kake nkukabisa pansi pa desiki, amatseka makatani chifukwa dzuwa likumuthobwa pa sikirini nkuyatsa magetsi masanasana, amatseka mazenera usiku chifukwa cha udzudzu ndi akuba pomwe modelo imati usiku wonse ali otsegula. Nkhaniyi ndi yaikulu moti International Energy Agency inakhazikitsa ntchito ya mayiko ambiri, Annex 66, yongofufuza khalidwe la anthu m'nyumba ndi momwe angaliikire m'mamodelo, ndipo itatha panabweranso Annex 79. Ndandanda zimene zimabwera kale m'mapulogalamu zambiri zinachokera ku maofesi ndi masukulu a ku America, kumene kalasi imakhala ndi ana osafika theka la a kwathu kuno. Ukangozisiya momwemo wapanga modelo ya nyumba ya ku Ohio yokhala ndi nyengo ya ku Zomba.

Zotsatira zake zinayezedwa ndipo sizosangalatsa. Ku Britain kafukufuku wa PROBE, amene anachitika kuyambira 1995 mpaka 2002, anabwerera ku nyumba zomangidwa kale nkupeza kuti zambiri zikudya mphamvu zoposa kwambiri zimene ankayembekezera. Mu 2016 bungwe la boma la Innovate UK linatulutsa lipoti la nyumba zosakhala zogonamo limene linapeza kuti mpweya wa kaboni wochokera ku mphamvu zimene zinkagwiritsa ntchito unali, tikatenga pakatikati, ka 3.8 kuposa zimene zinalembedwa popanga pulani. Gawo lina la kusiyanaku nchifukwa choti mawerengero okapereka ku boma sankaphatikiza zinthu zina monga zonse zolumikiza ku soketi, makhitchini ndi maseva, ndiye ankayerekeza zinthu ziwiri zosiyana, gawo lina ndi kamangidwe ndi makina osachunidwa bwino. Koma gawo lina ndi la opanga mamodelo eni ake. Mu 2017 ofufuza a ku University of Bath, mmodzi wa iwo David Coley, anafunsa anthu 108 ogwira ntchitoyi kuti asanje zinthu zimene zimakhudza kwambiri mphamvu za nyumba ina imene inali itayezedwa kale bwinobwino. Sanagwirizane, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anayankha moipa kuposa munthu wongolotera. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri chifukwa amenewa ndi anthu amene malipoti awo amasankhitsa denga, magalasi ndi kukula kwa makina a nyumba zenizeni.

Apa mpamene labu ya ku yunivesite imasiyanira ndi kampani. Wa ku kampani nthawi zambiri amafunsidwa kuti nyumbayi ikukwaniritsa lamulo kapena ayi, kaya ndi SANS 10400-XA ya ku South Africa imene inayamba mu 2011, kaya akufuna setifiketi ya nyumba yosamala chilengedwe monga LEED, Green Star kapena EDGE, ndipo ali ndi masabata ochepa. Wa mu labu funso lake limakhala loti modelo imeneyi ikunena zoona kodi, ngati ayi yalakwika pati. Ndiye gawo lalikulu la ntchito yake silichitikira pa kompyuta. Amakwera makwerero kukamata masensa, amakambirana ndi oyang'anira nyumba kuti amulole kuwerenga mamita, amabweranso kudzasintha mabatire nkupeza sensa ina yagwera kuseri kwa kabati mwezi wonse, ina munthu anaisunthira pa zenera ndiye ikuonetsa madigiri 48. Akabwerera ku desiki amakhala masiku akutsuka detayo ndi mapulogalamu olembedwa mu Python kapena R, kugwirizanitsa mawotchi a zida zosiyana, kusankha chochita ndi maola amene magetsi anazima. Malabu olemera amachita kumanga nyumba zoyesera. Ku University of Salford anamanga nyumba yathunthu ya njerwa m'kati mwa chipinda chachikulu chimene amatha kugwetsamo mvula ndi kuziziritsa mmene akufunira, ndipo Energy House 2.0 yawo imene inatsegulidwa mu 2023 imatha kupanga nyengo kuyambira madigiri 20 pansi pa ziro mpaka 40. Ku Berkeley kuli FLEXLAB, kumene chipinda china choyesera chimazungulira kuti chiyang'ane mbali iliyonse ya dzuwa.

Deta ikapezeka pamabwera ntchito yochuna modelo kuti ifanane ndi nyumba yeniyeni, ndipo pamenepa fayilo ya nyengo iyenera kukhala ya chaka chenichenicho chimene munayeza, osati yapakatikati ija. ASHRAE Guideline 14 imapereka malire: poyerekeza ndi mabilu a mwezi ndi mwezi modelo isapendekere mbali imodzi kuposa 5 peresenti ndipo kumwazikana kwake kusapose 15, poyerekeza ola ndi ola malire ake ndi 10 ndi 30. Koma kulowa m'malirewa si umboni woti wapeza zoona. Mabilu a chaka ndi manambala 12 okha pomwe zopotokola mu modelo zilipo mahandiredi, ndiye utha kuonjezera mpweya wolowera m'ming'alu, nkuchepetsa anthu, bilu nkufanana ndendende, mnzako nkuchita zosemphana ndi zako nayenso bilu nkufanana. Nonse mwakhoza pa pepala, koma mukafunsidwa kuti tikaika insuleshoni, zotchinga kutentha, ku denga tipulumutsa zingati mupereka mayankho osiyana, ndipo mmodzi wa inu awonongetsa ndalama za eni nyumba. Nchifukwa chake wofufuza wosamala amayezanso kutentha kwa m'zipinda, amaika timamita pa magetsi owunikira padera, masoketi padera, eyakoni padera, kuti modelo isakhale ndi pobisala.

Ndipo sayendetsa modelo kamodzi. Amalemba kasikiripiti koti kasinthe manambala okayikitsa aja kambirimbiri, mwina maulendo masauzande pa makompyuta akuluakulu a yunivesite usiku wonse, pogwiritsa ntchito njira monga ya Morris kapena ya Sobol, kuti aone nambala imene ikugwedeza yankho kwambiri. Kawirikawiri zimapezeka kuti mwa manambala mahandiredi aja ochepa chabe ndi amene akulamulira, ndiye mphamvu zako zoyezera uziike pamenepo. Yankho limene amapereka silikhalanso nambala imodzi, limakhala loti pakati pa apa ndi apa. Ndipo chimene modelo imachita bwino kwambiri nkufananiza: denga ili ndi denga ilo, siling'i ilipo ndi siling'i palibe, khonde la mita imodzi ndi la theka. Manambala opeka aja amakhala omwewo mbali zonse ziwiri ndiye kulakwika kwake kwambiri kumafafanizana. Munthu akakuuzani kuti nyumba yanu idzadya mayunitsi 41,237 pa chaka mukayikeni, koma akakuuzani kuti siling'i ithandiza kuposa kusintha magalasi ndipo wayesa ndi manambala osiyanasiyana zikutulukabe choncho, ameneyo mumvereni.

Za moyo wa mu labu sindibisa, ndalama zimabwera ndi mapulojekiti, kontilakiti zaka 2 kapena 3, ndipo nthawi yambiri imapita pa kulemba mapempho a thandizo, mapepala opita ku majenolo monga Energy and Buildings kapena Journal of Building Performance Simulation, kuyankha owunika, ndi kuthandiza ophunzira a masitazi ndi PhD amene modelo yawo yakana kuyenda. Bungwe la anthu a ntchitoyi ndi IBPSA, linayamba mu 1987 ndipo limachititsa msonkhano waukulu zaka ziwiri zilizonse. Olowa ntchitoyi amachokera ku uinjiniya wa makina, ku akitekicha, ena ku fizikisi, ndipo aliyense amabwera ndi chopelewera chake, wa akitekicha amadziwa nyumba koma amaopa masamu a kutentha, injiniya amadziwa mapampu ndi mapaipi koma sanakhalepo pa saiti nkuona mmene lintelo imaikidwira.

Funso lomaliza limene modelo payokha singayankhe nloti kutentha kwabwino ndi kuti. Kwa nthawi yaitali aliyense ankatsatira njira ya Ole Fanger wa ku Denmark ya mu 1970, yochokera pa anthu oyesedwa m'zipinda zotsekedwa za mu labu, ndipo imagwira bwino m'maofesi a eyakoni. Koma ukaigwiritsa ntchito pa nyumba ya mazenera otsegula kumalo otentha imanena kuti anthu akuvutika pomwe eni akewo akuti zili bho. Mu 1998 Richard de Dear ndi Gail Brager anasonkhanitsa mayankho pafupifupi 21,000 ochokera m'nyumba 160 za m'mayiko osiyanasiyana nkuonetsa kuti anthu amazolowera nyengo ya kwawo, amasintha zovala, amatsegula zenera, amasuntha mpando. Njira yawoyo inalowa mu ASHRAE Standard 55 mu 2004, ndipo masamu ake ndi apafupi: tengani kutentha kwapakatikati kwa kunja, chulukitsani ndi 0.31, onjezerani 17.8. Kunja kukakhala pa 25 mupeza 25.6, ndipo anthu 8 pa 10 amakhutira mpaka madigiri 3.5 pamwamba pake, kutanthauza cha m'ma 29. Kusankha njira iyi kapena ya Fanger ndi kumene kumapangitsa lipoti kunena kuti gulani eyakoni kapena kunena kuti fani ndi siling'i zikwana.

Kwa ife nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa nyumba zathu zambiri, makalasi, mawodi a zipatala za kumidzi, nyumba za aphunzitsi, zilibe eyakoni ndipo sizikhala nayo posachedwa. Funso lathu si la mayunitsi, ndi loti pa maola amene ana ali m'kalasi ndi angati amene kutentha kwadutsa malire aja, ndipo ndi ndalama zochepa zimene zilipo tiyambe ndi chani, penti yoyera pa malata, siling'i, mpata wotulutsira mpweya pamwamba pa denga, kapena mitengo kumadzulo. EnergyPlus imayankha funso limeneli bwinobwino pa laputopu wamba. Chimene chimasowa ndi miyezo ya nyumba zathu zenizeni yoti modelo iyesedwe nayo, njerwa zathu zootcha ndi mabuloko a simenti amadutsitsa kutentha motani, mazenera amatsegulidwa nthawi yanji, m'kalasi mumakhala ana angati teremu yoyamba.

Ndipo wophunzira wa ku MUBAS, Mzuni kapena MUST amene akufuna kulowa ntchitoyi atha kuyamba ndi chipinda chimodzi. Masensa awiri ojambula kutentha ndi chinyezi, ina m'kati ina kunja, azilemba pa mphindi 10 zilizonse kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba. Musanawaike agonekeni pamodzi tsiku lathunthu kuti muone ngati akuwerenga mofanana. Ya m'kati ikhale pakati pa chipinda, kutali ndi khoma, pa msinkhu wa mutu wa munthu wokhala pa mpando, pafupifupi mamita 1.1, ndipo itchingidwe ku cheza cha malata apo ayi izikupatsani kutentha kwa denga m'malo mwa kwa mpweya. Ya kunja ikhale pa mthunzi podutsa mphepo, osati pansi penipeni pa lata la khonde. Pa chitseko pakhale kope loti wina azilembamo kuti mazenera atsegulidwa nthawi yanji, atsekedwa nthawi yanji, ndipo tsiku limenelo munali anthu angati. Modelo muimange musanayang'ane deta ya m'katiyo, mulembe pambali nambala iliyonse imene mwangoganiza, kenako muike mizere iwiriyo pa gilafu imodzi nkuyamba kufufuza pa maola amene yasiyana kwambiri.